Framework imene ndinadzipangira ndekha yakalamba, kodi ndiitaye?

Mnzathu wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe watumiza uthenga uwu: "Ndimalemba mapulogalamu a pa intaneti. Mu 2014 ndinadzipangira framework yangayanga (maziko a code omangirapo mapulogalamu ena) m'chinenero cha makompyuta cha PHP, ndipo pa iyo ndinamangapo masisitimu anayi: ya SACCO ina, ya sukulu ziwiri ndi ya sitolo ya zipangizo zomangira. Onse akugwirabe ntchito, koma ali pa PHP 5.6, ndipo amene amatisungira seva atiuza kuti aichotsa posachedwa. Anyamata awiri amene ndinawalemba ntchito anachoka, akuti zimene amaphunzira kwa ine sangakazigwiritse ntchito kwina. Ndikuganiza zodzitsekera m'nyumba miyezi itatu n'kulemba zonse mwatsopano mu Laravel, framework yotchuka ya PHP. Koma mtima ukundiwawa, zikukhala ngati ndikukataya mwana wanga. Kodi ndinalakwitsa kuyambira pachiyambi? Nanga ndiyambire pati?"

Achimwene, mtima m'malo. Simunalakwitse. Chinthu chimene chasunga ndalama za anthu ndi mafizi a ana asukulu kwa zaka zoposa khumi n'chomangidwa ndi munthu wodziwa ntchito. Ndipotu ma framework akuluakulu amene timawatchula masiku ano anayamba chimodzimodzi. Ruby on Rails inatuluka mu 2004 kuchokera m'kati mwa Basecamp, pulogalamu imene David Heinemeier Hansson ankalembera kampani yawo. Django inabadwira ku nyuzipepala ina ya mu mzinda wa Lawrence ku Kansas, n'kuperekedwa kwa anthu onse mu 2005. Laravel imene mukuifunayo anaiyamba ndi munthu mmodzi, Taylor Otwell, mu 2011. Ndikukumbukiranso mmene zinthu zinalili kuno nthawi imeneyo: tinkagwiritsa ntchito dongle, bandulo ikutha ngati madzi, ndipo kukoka mapaketi ndi Composer, chida chotsitsira zidutswa za code za PHP, kunali kudikira mpaka tiyi kuzizira. Ambiri a ife tinkangoti bola ndilembe ndekha. Polemba nokha munaphunzira mmene pempho limayendera kuchoka pa browser kufika ku database n'kubwerera, ndipo nzeru imeneyo palibe angakulandeni.

Kusiyana kwake n'kwakuti anzathu aja anapeza khamu la anthu owathandiza kusenza, pamene inu mwatsala nokha. Mutu umodzi susenza denga. Mukadwala malungo mlungu umodzi, kapena mukapita kumudzi kumaliro kumene netiweki kulibe, SACCO ija ilibe wina womuimbira. Anyamata anu aja ndikuwamvetsa. Wachinyamata wochokera ku MUBAS, ku Mzuni kapena ku MUST akaona zotsatsa ntchito amapeza akufuna odziwa Laravel, Django kapena React, ndipo akakodwa pa framework yanu usiku, palibe tsamba la pa intaneti limene lingamuyankhe. Yankho lili m'mutu mwanu mokha. Kwa ine, ichi ndiye chifukwa chachikulu chopumitsira framework yopanga wekha, kuposa ukalamba wake.

Komabe pali chinthu chimene sichingadikire, ndipo ndikufuna muchione mlungu uno womwe. PHP 5.6 inasiya kulandira zigamba za chitetezo kumapeto kwa 2018. Ngakhale 7.4 inasiyidwa mu November 2022. Bowo lililonse limene lapezeka kuchokera nthawi imeneyo lili chitsegukire pa seva yanu. Ndiye pali mabowo a mu code yanu yomwe. Yesani ichi pa kope yoyeserera, osati pa sisitimu yeniyeni: pa fomu yolembetsera membala, lembani dzina lokhala ndi kachizindikiro ka m'mwamba kaja, monga Ng'oma kapena M'bwana, ndiponso mulifufuze m'bokosi losakira. Tsamba likangoyera kapena kulavula uthenga wa SQL (chinenero chofunsira database), dziwani kuti mawu a wogwiritsa ntchito akulowa mu query osasefedwa, ndipo munthu wanjiru angathe kuwerenga kapena kufufuta database yonse kudzera pa kabokosi komweko. Chinenero chathu cha Chichewa chimatiululira matenda amenewa msanga. Ndinaonapo ofesi ina kumene makalaliki anazolowera kulemba Ngombe m'malo mwa Ng'ombe chifukwa "kompyuta imakana", osadziwa kuti kukanako ndi chizindikiro cha khomo losakhoma. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito PDO, chida cha PHP cholumikizira database, ndi ma prepared statement, amene amalekanitsa mawu a wogwiritsa ntchito ndi lamulo la SQL, paliponse. Ngati mukugwiritsabe ntchito mysql_query, mudzayenera kuisiya ndithu, chifukwa inachotsedwa mu PHP 7.

Onaninso mmene mumasungira mapasiwedi. Ngati ali mu MD5, njira yakale yobisira mapasiwedi, kapena ali poyera ngati mmene munthu anawalembera, sinthani mugwiritse ntchito password_hash, imene ilimo kale kuyambira PHP 5.5. Simufunika kuvutitsa anthu kuti asinthe onse tsiku limodzi: munthu akalowa ndi pasiwedi yolondola, muisungenso m'njira yatsopano pomwepo, yakale n'kuifufuta. Mafomu osuntha ndalama akhale ndi token (kachizindikiro kachinsinsi) yoletsa CSRF, chinyengo chimene tsamba lina limatumiza fomu m'dzina la munthu iye osadziwa. Izi zonse mungazichite mu framework yanu yakaleyo, musanaganize n'komwe za Laravel. Kumbukiraninso kuti dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024, imene MACRA ndiyo imayang'anira, kuwonjezera pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Maina, manambala a ziphaso ndi ngongole za mamembala a SACCO ndi zinthu zimene lamulo likufuna kuti zitetezedwe.

Tsopano pa nkhani ya miyezi itatu yodzitsekera ija, pamenepo ndikukanizani. Ndaona anthu ambiri akulowa njira imeneyi, ndipo miyezi itatu imasanduka chaka. Chifukwa chake n'chakuti pamene mukulemba yatsopano, yakale siima. Ahedi aimba kuti fomu ya mafizi isinthe, a SACCO abwera ndi mtundu wina wa ngongole, ndipo mumapezeka mukulima minda iwiri ndi khasu limodzi. Ngakhale makampani akuluakulu zinawaonekera: Netscape inaganiza zolemba browser yake mwatsopano, ndipo kuchokera pa mtundu wachinayi wa mu 1997, wotsatira unadzatuluka mu 2000, msika utapita kale kwa Internet Explorer.

Palinso china chobisika. Chuma chenicheni cha masisitimu anu si router, imene imalozera pempho lililonse ku code yake, kapena kachidutswa kolumikizira database. Zimenezo Laravel ili nazo zabwino kuposa zanu, ndipo musadandaule nazo. Chuma chili m'malamulo a ntchito amene munawaunjika pang'onopang'ono kwa zaka khumi, ambiri mwa iwo osalembedwa pena paliponse. Ndikupatseni chitsanzo cha zimene zinandichitikira. Tikusamutsa sisitimu ya bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama, tinapeza mizere isanu ndi umodzi mu fayilo yowerengera chiwongoladzanja, pamwamba pake palembedwa mawu awiri okha: "osachotsa apa". Mizereyo inkaoneka yopanda pake, ndipo mu sisitimu yatsopano sitinaiike. Kumapeto kwa mwezi, mayi wosunga ndalama anabwera ndi mapepala awiri, la sisitimu yakale ndi la yatsopano, n'kuwayala pa desiki, chala chili pa mzere wa membala mmodzi. Zinasiyana ndi ndalama zochepa chabe, koma anati sasaina. Titafufuza tinapeza kuti mizere ija inkakhululukira chindapusa kwa amene tsiku lawo lobweza lagwera Lamlungu kapena pa holide, malinga ndi zimene komiti inagwirizana zaka zambiri m'mbuyo. Amene ankakumbukira zimenezi anali mayi aja ndi mizere isanu ndi umodzi ija basi. Mukalemba zonse mwatsopano kuchokera m'mutu, zinthu zotere ndi zimene zimatayika, ndipo zimatulukira pa tsiku loipa.

Njira imene ndimalangiza ndi ya mtengo wa kachere. Mwauonapo kachere atamera pa nthambi ya mtengo wina: amatsitsa mizu yake pang'onopang'ono mpaka pansi, n'kuukulunga mtengo uja, ndipo pomadzafa wam'katiwo kachere amakhala ataima payekha, mthunzi osasowa ngakhale tsiku limodzi. Martin Fowler ataona mitengo ya mtundu womwewu ku Australia anatcha njira imeneyi strangler, ndipo dzinali lazolowereka pakati pa olemba mapulogalamu. Pochita zake, mumaika Nginx kapena Apache kutsogolo ngati wapolisi wapamsewu. Poyamba amatumiza mapempho onse ku sisitimu yakale. Mukamaliza tsamba limodzi mu Laravel, mumamuuza kuti adilesi iyi yokha izipita kwatsopano. Zonse ziwiri zimawerenga database imodzi. Wogwiritsa ntchito sadziwa kuti akudumpha pakati pa nyumba ziwiri, ndipo tsamba latsopano likavuta, mumangobweza mzere umodzi wa kasinthidwe, anthu n'kupitiriza ntchito.

Musanayambe zimenezo konzani pogwira. Code yonse ilowe mu Git, chida chosungira mbiri ya kusintha kwa code, ngati siinalowe. Pangani backup ya database, ndipo muyese kuibwezeretsa pa kompyuta ina mpaka muone ndi maso kuti ikutseguka. Ndakumanapo ndi anthu amene anasunga mafayilo opanda kanthu kwa miyezi, ali ndi chikhulupiriro chonse. Kenako tsegulani ma log a seva (kaundula wa mapempho onse ofika pa seva) a miyezi khumi ndi iwiri, muwerenge masamba amene anthu amatseguladi. Mudzadabwa kupeza kuti ambiri amene munawavutikira palibe anawagusa chaka chonse, ndipo amenewo simufunika kuwasamutsa. Ndati chaka chathunthu dala, chifukwa malipoti ena amatsegulidwa kamodzi kokha, potseka mabuku kapena pokonzekera msonkhano waukulu wa mamembala.

Musayambe ndi SACCO. Yambani ndi sukulu imene ili yaing'ono, nthawi ya holide, kuti zolakwitsa zanu zoyamba zigwere pamalo pofewa. Ndipo m'kati mwa sisitimu iliyonse, yambani ndi masamba ongowerenga, monga malipoti ndi mndandanda wa maina. Osuntha ndalama akhale omaliza. Chimene chimavuta koyambirira ndi kulowa: munthu asamafunsidwe pasiwedi kawiri. Njira yosavuta ndi kusamutsa tsamba lolowera msanga, n'kuphunzitsa sisitimu yakale kuzindikira munthu amene walowera kwatsopano, kudzera mu tebulo la database limene zonse ziwiri zimaliwerenga.

Pa zowerengera ndalama, lembani mayeso musanakhudze kalikonse. Tengani ngongole zenizeni makumi angapo za zaka zapitazi, mutabisa maina, mulembe zimene sisitimu yakale imatulutsa, ndipo yatsopano izitulutsa zomwezo mpaka pa tambala. Osafunsa kaye ngati yakaleyo imalondola. Cholinga n'kudziwa zimene imachita. Mukapeza kuti inkalakwitsa, imeneyo ndi nkhani yokakambirana ndi komiti, osati yokonza mwakachetechete usiku. Ndiye kwa mwezi umodzi kapena iwiri muyendetse zonse ziwiri limodzi, wosunga ndalama aziyerekeza.

Pali timisampha tinayi timene ndakodwamo kapena kuona anzanga akukodwamo. Ka nthawi: Laravel imabwera itatcheredwa pa UTC, nthawi imene dziko lonse limayezerapo, pamene ife tili maola awiri kutsogolo, choncho ndalama imene yalowa 1 koloko usiku pa 1 mwezi imakalembedwa pa tsiku lomaliza la mwezi watha, malipoti n'kusokonekera. Ka zilembo: database zambiri zakale zili mu latin1, imene ilibe chilembo cha ŵ, ndipo posamukira ku utf8mb4 mawu ngati Malaŵi amatha kusanduka zinyalala ngati simunayese kaye pa kope. Ka manambala: ngati ndalama munazisunga ngati FLOAT, zisinthireni ku DECIMAL, poti FLOAT siisunga matambala ndendende ndipo tizidutswa timaunjikana. Komaliza ndi ka maadilesi akale. Ngati masisitimu anu amalandira malipiro a Airtel Money kapena TNM Mpamba, pali adilesi imene uthenga wotsimikiza malipiro umafikira. Mukaisintha osakonza, kholo lidzalipira fizi, ndalama n'kuchoka m'foni mwake, koma sisitimu osadziwa, mwana n'kubwezedwa pa geti. Adilesi imeneyo isungeni mmene ilili mpaka mutagwirizana ndi opereka ntchitoyo za tsiku losinthira. Onetsetsaninso kuti uthenga womwewo ukabwera kawiri, kapena magetsi akazima pakati pa ntchito, ndalama isalembedwe kawiri kapena kulembedwa theka.

Ndinenenso kuti si sisitimu iliyonse imene iyenera kusamuka. Ya sitolo ija, ngati ndi yaing'ono, imagwiritsidwa ntchito ndi anthu atatu m'kati mwa sitolo momwemo, ndipo mwini wake sakufuna zatsopano, mwina chofunika n'kungoikweza kufika pa PHP 8 n'kutseka mabowo. Chida chotchedwa Rector chimathandiza kusintha code yakale kuti igwirizane ndi PHP yatsopano, ngakhale muyenera kuwerenga zimene chasintha. Palinso njira yapakati: kusunga maonekedwe a framework yanu koma n'kumachotsa ziwalo zake chimodzichimodzi, m'malo mwake n'kuika zidutswa za Symfony, framework ina ya PHP, kudzera mu Composer. Drupal, pulogalamu yomangira masamba a pa intaneti, inachita zofanana ndi zimenezi pa mtundu wake wa 8 mu 2015, ndipo Laravel yomweyo inamangidwa pa zidutswa zingapo za Symfony. Dziwaninso kuti walira mvula walira matope: Laravel imatulutsa mtundu waukulu chaka chilichonse, ndipo uliwonse umalandira zigamba za chitetezo kwa zaka ziwiri zokha. Mukasamuka n'kugona, pakatha zaka zitatu mudzakhala pomwe muli lero. Kusiyana kwake n'kwakuti njira yokwezera imakhala yolembedwa, ndipo mu Lilongwe muno mungapeze anthu oidziwa.

Nanga alipira ndani? Funso ili ndi limene limagwetsa ntchito zambiri zotere, poti kasitomala safuna kulipira chinthu chimene sachiona. Musapite kukawauza za framework, sadzakumvani. Auzeni ngati mmene mmisiri amauzira mwini nyumba kuti malata ali bwino koma mitengo ya denga yadyedwa ndi chiswe. Auzeni zoona: kuti seva ikutsekedwa, kuti zinsinsi za mamembala zili pangozi, ndiponso kuti pakadali pano munthu mmodzi yekha ndi amene angaikonze. Mfundo yomalizayi imawawa kuinena, koma makomiti amaimva msanga. Gawani ntchito m'magawo, lililonse ndi mtengo wake, ndipo m'gawo lililonse muikemo kanthu kamodzi kooneka ndi maso kamene akhala akupempha, monga lipoti lotseguka bwino pa foni. Powerengera mtengo musaiwale kuti seva zakunja timalipira m'madola; amene tinali ndi mapangano a nthawi yaitali mu November 2023, kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti, tinaphunzira kuika mawu olola kuunikanso mtengo. Ndipo mugwirizane polemba kuti code ndi ya ndani, mapasiwedi a seva akusungidwa kuti, ndiponso achite chiyani inu mutasowa.

Za anyamata: ntchito imeneyi ndi imene ingawakope. Lembani mmodzi wodziwa Laravel, iye azimanga zatsopano, inu muzimufotokozera zimene zakale zimachita ndi chifukwa chake. Chilichonse chimene mwafotokoza pakamwa chilembedwe tsiku lomwelo. Mulole kuti achite zinthu m'njira ya Laravel. Chiyeso chimene chidzakubwereni ndi chofuna kumanganso framework yanu m'kati mwa Laravel, kuika timakalasi tanu pamwamba pa chilichonse kuti zizioneka ngati kale. Mukatero mudzakhala mwasamutsa vuto lomwe lija n'kulipatsa dzina latsopano. Malo ngati mHub ndi misonkhano ya ICTAM, bungwe la akatswiri a zamakompyuta m'Malawi, ndi abwino kukumanirako ndi achinyamata otere, komanso ndi anzanu amene anadutsa njira yomweyi.

Pali nthawi zina zimene musalimbane nazo nokha. Mukapeza pa seva mafayilo amene simunawaike, maakaunti a admin osawadziwa, kapena zizindikiro zoti wina anakopera database, musafufute kalikonse. Sungani kope ya seva ndi ma log mmene zilili, dziwitsani eni sisitimu tsiku lomwelo, ndipo itanani katswiri wa chitetezo cha makompyuta. Funsaninso loya za udindo wanu wodziwitsa aboma ndi anthu okhudzidwa. Mabuku a SACCO akasiyana pakati pa sisitimu yakale ndi yatsopano ndipo simukupeza chifukwa, imitsani kusamukako muitane owerengera ndalama awo. Ndipo musanatsegule gawo losuntha ndalama, lipirani munthu wina wodziwa, amene sanalembe nawo, kuti awerenge code yanu ndi kuyesa kuithyola. Diso la mlendo limaona zimene mwini nyumba anazizolowera.

Tsiku lozimitsa likadzafika, lisakhale Lachisanu madzulo kapena kumapeto kwa mwezi. Ma log akaonetsa kuti kwa milungu ingapo palibe pempho lopita ku sisitimu yakale, isiyeni ikhale yongowerenga kwa miyezi itatu kapena kuposerapo, kuti wofuna kuyerekeza lisiti lakale athe kutero. Kenako sungani code, database yomaliza ndi kapepala kofotokoza mmene munthu angaidzutsire, ndi mtundu wa PHP ndi MySQL umene imafuna, m'malo awiri osiyana, zili zokhoma ndi pasiwedi. Chotsani ntchito za cron zakale, zija zimayamba zokha pa nthawi yoikika, poti zimatha kupitiriza kutumiza ma SMS a ngongole kwa anthu amene anabweza kale, ndipo sinthani makiyi onse amene sisitimu yakale inkagwiritsa ntchito.

Za kuwawa kwa mtima, sindikupeputsa. Inenso tsiku limene ndinazimitsa yanga ndinakhala kaye pa mpando nthawi ndithu, ofesi ili zii, ndikuyang'ana mafayilo amene ndinawalemba usiku wambiri ndi nyali ya batire. Ndinaisunga, ndipo mpaka lero ndimaitsegula pophunzitsa achinyamata mmene router imagwirira ntchito, chifukwa ndi yaing'ono moti munthu amaiwerenga yonse masana amodzi. Yanunso ingagwire ntchito imeneyo mukachotsamo zinsinsi za makasitomala. Koma mlungu uno yambani ndi backup, muyese dzina la Ng'oma pa fomu ija, ndipo muwaimbire osunga seva akuuzeni tsiku lenileni limene achotse PHP 5.6, ndi ngati angakupatseni miyezi ina yowonjezera pa seva yapadera. Mukamva yankho lawo mundilemberenso, tidzaone limodzi sisitimu yoyambira.